Mdzukulu M'bwato la a Harvey

Rockingham,
Perth, Australia.
19 Meyi, 2024.

Okondedwa alamu a Benedict,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu, pamodzi ndi mayi akunyumba ndi mbumba yonse kumudziko. Ife kuno tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira, ndipo dzuwa likumalowa msanga ngati lili ndi mlandu.

Musadabwe ndi zilembo zokongolazi. Mukudziwa kuti dzanja langa limadziwa sipanala, cholembera ayi. Akundilembera ndi mayi Tusekile a ku Karonga, amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye akuti kumvetsera nkhalamba yolongolola anazolowera. Mwana wanga Dorcas sindinamupemphe dala. Iye uja akanamasankha mawu anga ngati akusankha nyemba, zofumbwa n'kumataya, pamene zofumbwazo ndi zomwe ndikufuna zikupezeni.

Ndikudziwa kuti mwandiimbira foni kambirimbiri ine osayankha. Uthenga wanu ndinaumva. Simenti munagula, mmisiri alipo, mukungodikira ine kuti nditchule mwezi woti timange chiliza cha mlongo wanu Nambewe, ndi kuti tsiku lomwelo mundisudzule monga mwa mwambo. Yankho lili m'kalata muno. Koma mumandidziwa, sindilowa m'nyumba ndisanazungulire kukhola, ndiye mupirire.

Nditafika kuno maliro a mayi ake a Dorcas atangotha, ndinali ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Dorcas amalawirira kuchipatala ku Nedlands, amuna ake, apongozi anga a Norman, kumalole awo ku Kewdale, ana kusukulu. Anawo ndikawayambira nkhani amamva ndithu, koma amandiyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno, ndipo nkhani isanafike pokoma maso abwerera kale pafoni. Ine amene anthu ankabweretsa njinga zabwinobwino pansi pa mango paja kuti angomva zokamba zanga, ndinayamba kucheza ndi firiji.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala mzungu wina wachikulire, a Harvey, amene anapuma ntchito kumafakitale a ku Kwinana. Akazi awo anamwalira zaka zingapo zapitazo, ana ali kutali ku Melbourne. Tsiku lina anandiona ndikuwongola limu la njinga ya Tawina, mwana wa Dorcas. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana, kenaka anatukula manja awo kundionetsa. Amanjenjemera, alamu, ngati munthu akupeta. Anati mutu wawo ukudziwa ntchito yonse koma zala zinawagalukira, kodi sindingawabwereke zanga? Chingerezi changa ndi chija ndinatola ku esiteti ya fodya ku Kasungu, chongotumira anthu ndi kukalipira, koma tinamvana.

Bambowa ali ndi bwato la matanga. Musaganize za bwato losema lija. Ili ndi nyumba yoyandama, kutalika kwake ngati minibasi ziwiri zitalumikizana, mkati muli makama, mbaula, kachimbudzi kopopa ndi dzanja, pakati pake mlongoti wautali kuposa bulugamu wa kutchalitchi kwathu. Limakhala padoko lapafupi ndi kwathu kuno, pamene ukaima umaona machumuni a ku Kwinana akufuka. Ine wa ku Dowa, madzi aakulu amene ndinkawadziwa ndi a Bua akasefukira. Tsiku loyamba kutuluka nalo ndinasanza mpaka ndinaona ngati nditulutsa ndi dzina lomwe. A Harvey anangondipatsa bisiketi youma, n'kundiuza kuti ndisayang'ane pamapazi koma kutali kumene madzi akumana ndi thambo.

Ntchito ya m'bwato siitha. Madzi amchere ali ngati chiswe, sagona. Chitsulo ukachipukuta lero, mawa chachita dzimbiri. M'mawa uliwonse umayamba watukula matabwa apansi kuona ngati m'mimba mwa bwato mwalowa madzi, ndipo ukawapeza umawalawa. Akakhala amchere ndiye kuti nyanja yapeza polowera, akakhala opanda mchere ndiye kuti thanki ya madzi akumwa ikudontha. Ndaphunzira kusintha oilo, kutsuka sefa ya dizilo, ndi kuchotsa kagudumu ka labala kamene kamakoka madzi oziziritsa injini. A Harvey amakhala pamasitepe n'kumanena, ine ndili chogwada, mutu uli m'kabowo, matako kumwamba. Nati ikandipulumuka imagwera kumene dzanja silifika, ndipo pamenepo aliyense amatukwana m'chinenero cha kwawo.

Zingwe ndiye zinandivuta. Ndinkamanga ngati ndikumanga ng'ombe yothawathawa, mfundo pamwamba pa mfundo, mpaka tsiku lina mphepo itatembenuka anachita kudula chingwe ndi mpeni. Anandiuza kuti m'bwato mfundo yabwino ndi imene imagwira zolimba koma n'kumasuka nthawi yomwe waifuna. Chilimwe chathachi tinalikweza bwatolo pamtunda ndi chimakina, n'kupala ndere ndi tinkhono tomamatira kunsi, kenaka kupaka penti. Kunsi komweko amamangirira kachitsulo kofewa, akuti dzimbiri likabwera lidye kameneko, lisiye zitsulo zofunika. Ndinawauza kuti kwathu kachitsulo kameneko timakatcha mkamwini. Iwo sanamve, koma inu ndikudziwa mwaseka.

Tsiku lina kawilo ka chingwe kanakakamira pamwamba penipeni pa mlongoti. Anandikhazika pakampando ka nsalu, n'kundikweza ndi makina okulungira zingwe, ine ndili lendelende, gilisi ali m'thumba. Kumwambako ndinaona mzinda wonse, ndi sitima zikuluzikulu zili pamzere kudikira doko. Ndikudziwa kuti mwaima kaye kuwerenga, mukufunsa kuti kodi si munthu yemweyu ankati BP yamuletsa kukwera ndege? Funsolo ndi labwino. Lisungeni, tilipeza kutsogoloku.

Nthawi zina timatuluka masiku angapo, kugona m'bwato momwemo pafupi ndi zilumba. Moyo wake ndi wa munthu wosamala. Mbale umatsuka ndi madzi a m'nyanja, kutsukuluza ndi kapu imodzi ya madzi abwino. Chilichonse chili ndi malo ake otsekeka, chifukwa supuni ukaisiya patebulo uipeza ili pakama. Mbaula anaipachika kuti izipendekeka yokha, bwato likapendama poto amakhalabe chilili. A Harvey salankhulalankhula, ndiye pakamwa panga panapeza munda. Ndawafotokozera nkhani zonse za kumudziko, ndi ija munagwa ndi njinga yanga yatsopano m'dambo pobwera ku chinkhoswe. Mwina amamva theka lokha, koma amaseka pamalo pake.

Tsopano imvani. Mwezi wa Malichi tinkayeretsa bwato lonse. A Harvey anali pamwamba akukulunga zingwe, ine ndikutulutsa katundu wa pansi pa makama kuti apitidwe mphepo. Pansi pa kama amene ndimagonapo ineyo, kuseri kwa malamba a injini ndi zitini za gilisi, ndinapeza kabokosi ka pulasitiki kotuwa, kolemera kuposa maonekedwe ake. Pamwamba panali zolemba, koma za ine ndi zolemba mukuzidziwa. Nditatsegula ndinaona thumba la phulusa, loyera bwino, la timiyala pang'ono. Ndinakondwa. Ketulo ya m'bwatomo inali itada kunsi, ndipo sopo wawo wamadzi uja sachotsa mwaye. Ndinati mzunguyu ndi wanzeru, amasunga phulusa lokwechera mapoto ngati kwathu. Ndinakwera masitepe, bokosi m'khwapa, ketulo kumanja, ndikuwafunsa chifukwa chake anandibisira chinthu chabwino chotere.

Sanakalipe. Chingwe chinangowapulumuka m'manja, iwo n'kukhala pansi, nkhope ili mbuu.

"Lamson," anatero, "ameneyo ndi Jacqueline, mkazi wanga."

Mawu onse ndinawamva, koma mutu unakana kuwalandira. Thumbalo ndinali ndisanamasule, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu mpaka lero. Ndinaika bokosi pampando ndi manja awiri, ndinatsika, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, kumene ndinasamba thupi lonse. Taganizani, alamu, miyezi yonseyi ndikugona pamwamba pa maliro, ndikuliza mkonono, nthawi zina ndikutafuna mtedza pomwepo.

Dorcas anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kuno anthu ambiri akamwalira amawotchedwa, abale n'kupatsidwa phulusa, ndipo palibe choipa chimene a Harvey anachita. Anati ndisaweruze mwambo wa eni dziko. Ndinavomera ndi pakamwa, koma kudoko ndinasiya kupita. Ndinkawaona pampanda m'mawa akunyamula bokosi la zipangizo zimene manja awo sangathe kugwira, madzulo n'kubwerera nalo, malaya ali oyera ngati mmene anapitira. Moni tinkapatsana wa patali.

M'masiku amenewo ndinaganiza kwambiri. Ndinapeza kuti chimene chikundisowetsa mtendere si moto ayi. Nyumba ikapsa munthu ali momwemo timaika zomwe tapeza, ndipo amakhala maliro ndithu. Chinkandivuta n'chakuti mayi aja sanaikidwe. Anali pakati panjira, limodzi ndi malamba a injini.

Ndinapita kukakhala pakhonde pa a Harvey. Atandithirira tiyi, wambiri n'kutayikira m'sosala, anandiuza okha ndisanafunse. Mayiwo asanamwalire anapempha kuti phulusa lawo likathiridwe kuseri kwa chilumba cha Rottnest, pamene awiriwo ankakonda kuponya nangula, mayiwo n'kumasambira. Chaka chilichonse a Harvey amatuluka okha, amafika pamalopo, amatsegula bokosi, amaliyang'ana, n'kubwerera nalo. Ana amawauza pafoni kuti angochita, asawadikire. Manja akunka natha, tsiku lina bwato lidzawakanika, koma kuligulitsa sangathe mayi ali momwemo.

Ndinawafunsa kuti nanga adzukulu awo ali kuti. Mawuwo sanawadziwe, ndiye ndinawafotokozera. Ndinati kwathu mwini maliro sagwira khasu. Pamakhala anthu apadera, osakhala a magazi, amene amakumba, kunyamula ndi kufotsera. Iwowo salira. Amaseka, amanyogodola mfedwa, amagwira nkhuku ya pakhomopo osapempha, ndipo palibe amawaletsa. Si nkhanza, koma kuti pakhale wina amene chisoni sichinamufoole mikono. Ndinawauza kuti ine manda ndakumba ambiri kumudzi kwa akazi anga, poti mkamwini ndiye mdzukulu wosavuta kumupeza. Ndinati iwo akhala akufuna kukhala mfedwa ndi mdzukulu nthawi imodzi, ndipo palibe munthu anachitapo zimenezo, mzungu kapena wakuda.

Kenaka anandifunsa ngati ndingawagwirire ntchitoyo. Ndinati maliro n'kulirana, koma nkhuku ioneke kaye.

Tinanyamuka m'mawa wina mwezi wathawu, mphepo ikuchokera kumtunda. Ndinayang'ana oilo, ndinalawa madzi a m'mimba mwa bwato, zonse zinali bwino. A Harvey anabwera atavala malaya oyera ositidwa, m'manja muli jumbo ya nkhuku yootcha ya m'sitolo. Bokosi ndinalitulutsa ndekha pansi pa kama, ndinalipukuta gilisi, n'kulikulunga m'chitenje chimene Dorcas anandipatsa osafunsa zambiri.

Tinafika dzuwa lisanafike paliwombo. Madzi a pamenepo ndi obiriwira, oyera moti umaona mchenga wapansi. A Harvey anandionetsa mbali yoti ndiime, kumene mphepo ikutulukira, kuopa kuti phulusa lingatibwerere. Atatero anayamba. Anati chingwe cha nangula chikuoneka chotha, bwanji tichione kaye. Anati mitambo ya kumwera sinawasangalatse, mwina sabata ya mawa. Kenaka anatenga bokosi n'kuliika pamiyendo, nayamba kufotokoza mmene anakumanirana ndi mayiwo pagule wina, iwo atabwereka nsapato zothina. Msampha umenewo ndinaudziwa msanga, chifukwa ndi wanga. Nkhani yoyambayo ndinawasiya amalize. Atayamba yachiwiri ndinawadula.

"A Harvey, khalani pachiwongolero. Ntchito yanu ndi kulira, yotsalayo ndi yanga."

Sanafune kulisiya. Ndinachita kumasula zala zawo chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, ngati nati yogwira dzimbiri imene ukaikakamiza imathyola bawuti. Ndinagwada m'mphepete mwa bwato n'kulankhula ndi mayiwo m'Chichewa, poti Chingerezi changa si cha pamaliro.

"Mayi Jacqueline, ine ndine mlendo, simundidziwa. Ndagona pakhomo panu nthawi yaitali osakulonjerani, mundikhululukire. Amuna anu akufikitsani pamene munanena. Pitani bwino."

Ndinathira chapansipansi, pafupi ndi madzi. Phulusa linayala ngati mtambo pansi pa nyanja, linayenda pang'ono kutsata madzi, kenaka silinaonekenso. Thumba ndi bokosi ndinazitsukuluza momwemo kuti pasatsale kanthu. Kumbuyo kwanga a Harvey analira mokweza, kulira kwenikweni ngati munthu wa kwathu, ndipo sindinawatonthoze. Ndinasamba m'manja, ndinatsegula jumbo ija, n'kuzula ntchafu zonse ziwiri. Ndinawauza kuti mfedwa adye mapiko, ndiponso kuti sindinaonepo woyendetsa bwato wokhotakhota chotere, mayiwa anapirira zambiri. Anaseka misozi ili chuchuchu, mamina ali pamalaya oyera aja.

Pobwerera mphepo ya masana inadzuka, ija imachokera kunyanja. Tinazimitsa injini, matanga anakhuta, bwato linapendama n'kumathamanga, kumangomveka madzi okha. Tili pakati, a Harvey anandifunsa za akazi anga, ngati kwathu timaika mwala pamanda. Ndinati timamanga chiliza, ndipo alamu anga akudikira ine. Anafunsa kuti nanga ndikudikira chiyani. Ndinayamba kufotokoza za BP, za mapepala, za mmene mvula imaonongera msewu wa kumudzi, mpaka ndinafika pa mbiri ya mlatho uja unakokoloka. Anandisiya ndimalize bwinobwino. Nditakoka mpweya anati, "Lamson, yachiwiri usayambe."

Ndiye funso lanu lija ndi ili, alamu. BP ilipo, mapiritsi ndikumwa, koma siiletsa munthu kukwera ndege. Chiliza sindikuchiopa. Ndikuopa mawu amene adzabwere pambuyo pake. Mayi Tusekile aimitsa cholembera, akuti kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndiye sakumvetsa. Ndawauza kuti ine ndinabwera m'mudzi mwanu ndili mnyamata, ndi pampu ya njinga ndi kathumba ka masipanala. Nyumba ndinamanga kumeneko, mango ndinabzala kumeneko, mano onse amene ndinataya anagwera m'dothi lanulo. Tsiku limene mudzaimirire n'kunena kuti a Chikuse mwatisungira bwino mlongo wathu, tsopano mwamasuka, mutha kupita kwanu, kwathuko kudzakhala kuti? Ku Madisi amene ankandidziwa anagona kalekale, otsalawo adzandifunsa kuti ndikufuna kwa yani. Ndinkaona kuti chiliza chikapanda kumangidwa ndiye kuti ndikadali mwamuna wa Nambewe, ndipo m'mudzimo muli khomo limene ndingalowe osaodira. Koma nthawi yonseyi iye wagona pansi pa mulu wa dothi umene mvula ikukokolola, kudikira munthu amene ali pamwamba pa mlongoti kutsidya la nyanja.

Mangani, alamu. Mwezi ukhale Ogasiti, anthu atakolola. Tsiku musankhe nokha, musandifunse, mungomuuza Dorcas. A Norman akuti za ndege azilongosola. Kumene ndidzapite pambuyo pake sindikudziwa. Dorcas akuti ndidzabwerere kuno. A Harvey akuti bwato aligulitsa, koma osati chaka chino, kunsi kukufunikanso penti. Zimenezo tidzaziona.

Pempho langa ndi limodzi. Mawu ondisudzulawo mudzanene ndinu, musadzatume mwana. Ndipo musadzandimvere chisoni. Ndimadzidziwa, ndidzapempha kuti ndilankhulepo pang'ono, ndidzayamba ndi mmene ndinamuonera koyamba akuchokera kuchigayo, anthu adzaseka, dzuwa lidzapendeka, ena adzati tipitirize mawa. Nkhani imodzi mudzandilole. Ikadzatha imeneyo mudzaimirire.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, muwauze kuti nsalu yawo sindinaiwale. Moni kwa a Goodwill amene akundisungira zipangizo. Ngati akuzigwiritsa ntchito apitirize, chitsulo chongokhala ndicho chimafa msanga. Moni kwa Nora ndi ana ake, ndi kwa anzanga amene tinkakumba nawo, muwauze kuti ntchito yathu ndaifikitsa kutali. Amene akugona m'nyumba mwanga musawatulutse chifukwa cha ine, pakhonde pandikwanira. Dorcas, a Norman ndi ana akupereka moni. A Harvey akuti ndikupatseni moni inu a njinga ya m'dambo.

Watsala mmodzi. Sindikuti mulowe kumanda, mwambo ndikuudziwa. Koma mukamapita kudimba, pamene njira imakhota pafupi ndi mitengo ija, mudzaime pang'ono. Simusowa kukweza mawu, iye uja ankamva ngakhale zimene ndinkanong'ona kuseri kwa nkhokwe. Mudzangoti, a Chikuse achedwa monga mwa masiku onse, koma akubwera.

Ndine mlamu wanu, kufikira tsiku limene mudzanenelo,

Lamson Chikuse.